Thadzi Lonyamula Mawu a Apongozi

Matenda a aNambewe anayamba adya kaye mbuzi asanalimbane ndi eni akewo. Mbuzi yoyamba inapita kwa sing'anga wa kutsidya kwa dambo, amene anawatema mphini pamimba n'kunena kuti chotupacho chiphwa mwezi ukaoneka. Mwezi unaoneka, chotupa chili pompo. Yachiwiri inatengedwa ndi wina wochokera kwa Apwitikizi, amene anawayamwa ndi nyanga n'kutulutsa chikumbu chamoyo, chonenepa kuposa wodwalayo.

Nkhuku zinatha ndi ozonda matenda. Inu mukudziwa, wobwera kudzaona wodwala sabwerera m'mimba muli gwa. Koma aJairos, mlongo wawo wa aNambewe, anawonjeza. Ankafika dzuwa lili paliwombo, nthawi yeniyeni ya ndiwo, n'kumati "pepani, achemwali, pepani" uku akukukuta fupa. Pofika nyengo yokumba nsawa m'khola munatsala thadzi limodzi lakuda, lokalamba, lothothoka m'khosi.

Cosmas ankaona zonsezi mtima ukuwawa, koma akanatani? Anali mkamwini pamudzi paja pafupi ndi Sinda, mwamuna wa Ottilia, mwana wamkazi wa aNambewe, ndipo mkamwini asamakule mwendo. Alamu ake awiri anali atatchona ku migodi. Zinali zaka zija za Chitaganya, kandalama kakabwera m'nyumba msonkho umakhala wakadikirira kale pakhomo.

Tsiku lina aNambewe anakana ngakhale madzi a phala. Ottilia anatuluka m'nyumba misozi ili mbwembwembwe.

"Amayi apite kuchipatala cha amishoni ku Katete, apo ayi tiwataya," anatero.

Lole ya Mmwenye inkadutsa ndithu pamsewu waukulu, koma kukweza anthu awiri kunkafuna mbuzi yachitatu, imene kunalibe. Thadzi lija linali loti akagulitse ku Katete kuti apeze yolembetsera kuchipatala. Chotsala chinali njinga ya Cosmas, imene anaigula akugwira ntchito m'mafamu a fodya. Ottilia anali ndi pakati potopa. AJairos anati msana wawo sugwirizana ndi chishalo. Maso onse anatembenukira kwa mkamwini.

Apa ndiye panagona nkhani. Chikwatire, Cosmas anali asanaonepo nkhope ya apongozi ake. Ankadziwa mawu awo, msana wawo ndi zidendene zawo zong'aluka, basi. Akakumana panjira aliyense ankalumphira kuthengo. Tsiku lina onse analumphira mbali imodzi, nagundana mitu ali chitsinzinire, ndipo mudzi unaseka mpaka nyengo yokolola. Ndiye lero awakweze panjinga, amugwire m'chiuno?

"Mwambo womasulana ulipo," anatero aJairos, maso ali pa thadzi. "Pamangofunika kupha nkhuku, akuluakulu adye, basi muzilankhulana."

"Malume, nkhukuyi mukaiyang'ananso ndikuthirani phulusa m'maso," anayankha Ottilia.

Nzeru inachokera kwa Ottilia yemweyo. Anamangirira mpini wa khasu kumbuyo kwa chishalo, uli chilili. Anawakhazika amayi ake pakaliyala atayang'ana kumbuyo, n'kuwazenga kumpiniwo ndi nsalu ngati mtolo wa nzimbe. Thadzi analimanga miyendo n'kuliika pamiyendo pawo.

"Wina akafuna kunena kanthu aziuza nkhukuyi. Palibe mwambo woletsa munthu kulankhula ndi nkhuku."

Ananyamuka mame asanakamuke, wina akuona kumene akupita, wina kumene achokera. Anthu opita kudimba ankaima, madengu pamutu, kukamwa kuli yasa. Atadutsa midzi ingapo aNambewe anakonza kukhosi.

"Iwe thadzi, uwafunse atate a mdzukulu wanga Prisca ngati maenje onse a mumsewu uno anawalonjeza kuti awayendera."

Cosmas thukuta linamutsika. "Thadzi, uwauze amayi kuti ndikuyesetsa."

"Uwauze kuti ngakhale nkhokwe ija anandimangira anati akuyesetsa. Mpaka lero imaoneka ngati ikufuna kunong'oneza mnzake."

Haa, kunali ngati atsegula mlomo wa mtsuko. Zimene mayi uja anasunga mumtima zaka zonse zija zinatulukira mwa nkhuku. Mizere ya m'munda yokhotakhota. Kuimba kwake kutchalitchi kothamangitsa ana. Mbewa zija anabwera nazo zopanda michira, ngati kuti michira anadyera panjira. Cosmas anapirira, anapirira, kenaka naye magazi anatentha.

"Thadzi, uwauze amayi kuti mowa wawo wa chaka chatha unali madzi otsukira mtsuko. Tinkangoledzera mwaulemu."

Mawuwo atangotuluka, Cosmas anaganiza kuti basi ukwati watha. Kenaka anamva mpini ukunjenjemera pamsana pake. Apongozi anali kuseka, kuseka kosakanizika ndi kubuula, dzanja lili pamimba.

"Uwauze kuti asandiseketse, pakupweteka."

Thadzi linapendeketsa mutu. Linangochitira chitosi pansalu yawo ya kutchalitchi.

Dzuwa litakwera msewu unayamba zitunda. Cosmas ankatsika n'kumakankha, khosi litapindikira kumbali kuti asaone chosayenera kuona, mwakuti kawiri konse analowetsa njinga m'zitsamba. Mawu a kumbuyo anayamba kuchepa. Kenaka analekeratu.

"Thadzi, amayi ali bwanji?"

Anatchera khutu, nafunsanso.

"Iwe thadzi, ndikufunsa iwe."

Nkhuku inangoti kwee. Apa Cosmas anachita mantha enieni. Anaima pakati pamsewu, njinga ili m'manja, munthu wamkulu wandevu zake, akuchonderera nkhuku yothothoka m'khosi kuti imuuze ngati apongozi ake ali moyo. Ataona kuti izi n'zopusa, anayedzamiritsa njinga kumtengo wa msuku, natembenuka.

Mutu wawo unali utagwera pachifuwa, milomo itauma gwa. Anali kamunthu kochepa, ka mphini ziwiri pachipumi, ka mphuno yeniyeni ya Ottilia. Anamasula nsalu ija, nawanyamula m'manja, ndipo kupepuka kwawo kunamuliritsa. Anawagoneka pamthunzi, nathamangira kukhwawa, nabwera ndi madzi m'chipewa. Anawadontheza pamilomo mpaka zikope zinagwedezeka. Maso atangotseguka, onse awiri anatsinzina msangamsanga.

"Thadzi," anatero aNambewe motsitsa, "sitinaone kanthu."

"Thadzi, uwauze kuti inenso sindinaone."

Anawamanganso kumpini chogwiragwira, napalasa ngati akuthawa amsonkho. Sanapumenso mpaka madenga a malata a ku Katete anaonekera.

Anayamba waima pasitolo ina kuti agulitse thadzi. Mwini sitolo anaitembenuza nkhuku ija, naipuntha pachidali, nati ngakhale galu angaiphike masiku awiri. Cosmas anagwada. Ananena kuti ndi nkhuku yanzeru, yosunga chinsinsi, yoti yamva zambiri lero koma sinaulule ndi chimodzi chomwe. Mwini sitolo anaganiza kuti munthuyu dzuwa lamulowa m'mutu, ndipo anamupatsa timakobiri tokwanira kulembetsa, mwina pofuna kuti achoke.

Kuchokera pasitolo kukafika kuchipatala palibe analankhula. Analibenso wotuma.

Anamwino anawanyamula aNambewe pamachira n'kuwagoneka pabedi m'chipinda cha amayi. Dokotala wachizungu anadina pamimba, nalankhula ndi womasulira, ndipo womasulirayo anatembenukira kwa Cosmas, amene anaima pakhomo atafulatira.

"Akuti mwafika nawo nthawi ikadalipo, koma pang'ono pokha. Mawa awang'amba achotse chotupacho. Nanga inu bambo mwayang'ana kukhoma bwanji? Mwalakwira ndani?"

"Ndi apongozi anga."

"Ooo," anatero womasulira, nachoka akupukusa mutu.

ANambewe anali asanagonepo pabedi lachitsulo, ndipo mawu oti kung'amba anawamva bwinobwino. Cosmas anawamva akufunafuna wotuma.

"Iwe bedi, uwauze..." Analekeza. "Iwe botolo..." Analekezanso. Amayi a pamabedi ena anayamba kudzutsa mitu, kudabwa kuti kwabwera wamisala.

Kenaka anamva dzina lake, limene pakamwa paja panali pasanatulukepo.

"ACosmas."

Anayankha ali chifulatire. "Wawa."

"Ndikuopa, mwananga. Musabwerere kumudzi lero."

"Sindipita kulikonse, amayi."

"Ndiye tembenukani. Ndisakalowe kumpeni ndisanamuone bwino munthu wandinyamula."

Cosmas anatembenuka pang'onopang'ono, chipewa chonyowa chija chili m'manja. Anayang'anana nthawi yaitali, wina osaphethira. Nkhope ya aNambewe inali ndi mantha, koma pakona pa mlomo panali kugwedezeka.

"Mwana wanga sananame, makutuwo ndi aakuludi," anatero. "Khalani pansi pomwepo, poti ndizikuonani."

Cosmas anakhala pansi pasimenti, pafupi ndi mwendo wa bedi, nkhope atalozetsa kwa iwo.