Wezulo wa Kochi Kamwaza

"Wezulo uja ali kuti, sisi?" Overtone anafunsa Mwandida, akupinda suti ya malemu bambo awo. "Bokosi likunyamuka Lachisanu. Sangakatsike pa Chileka opanda wezulo wawo."



Bambo awowo, a Kamwaza, anali liwiro lenileni ali pakoleji ku Zomba. Miyendo itatopa anakhala kochi, kenako phungu, koma kwa zaka zisanu zokha, paja ndale saphulira liwiro. Monsemo wezulo sanachoke m'khosi. Sitiroko itawalanda mawu ndi dzanja lamanja, Mwandida anawatengera ku Hull, ku Mangalande, komwe amagwira unamwino, ndipo wezuloyo anasanduka pakamwa pawo. Tiyi, wezulo. Kuchimbudzi, wezulo. Ngakhale mpira wa pa TV ankaimbira okha.

Vuto linali loti Mwandida ankagwira usiku n'kumagona masana. Mwezi watha, atadzutsidwa kachitatu, mtima unamupsa.

"Adadi, muno si m'bwalo la mpira. Mukufuna ndikalakwitse mankhwala kuwodi chifukwa cha tulo?"

Anawavula wezulo n'kumuponya m'kabati ya kukhitchini. Lolemba masana a Kamwaza anagwa m'bafa, iye ali m'tulo m'chipinda choyandikana. Podzuka anawapeza atazizira kale.

"Ndinawalanda," anatero Mwandida tsopano. "Akanakhala naye bwenzi ataimba. Ndawapha ndine, achimwene."

Overtone, yemwe chaka chonsecho anangobwera kawiri kuchokera ku Liverpool, analibe pakamwa pomudzudzulira.

"Kamutengeni," anatero chapansipansi.

M'kabatimo munalibe. Anafufuza paliponse, mpaka Overtone anamasula jumbo ya zovala za malemu yomwe anapatsidwa kuchipatala. Munali juzi, wotchi, ndi wezulo pachingwe chake chakuda chija.

"Ndiye kuti anakamutenga okha. Anali naye m'khosi."

"Ndiye kuti anaimba, ine osamva," anatero Mwandida, ndipo zimenezi zinamuwawa kuposa zoyamba zija.

Anamuika pakamwa n'kuuzira. Munangotuluka mpweya. Anauziranso mwamphamvu, koma zii. Atasuzumira pakabowo anaona thonje, la m'bokosi lake la mankhwala, litaphatikidwa bwinobwino. Munthu wa dzanja limodzi ayenera kuti anavutika nalo nthawi yaitali, kuti akaiwala n'kuuzira, mwana wawo asadzuke.

Overtone anatola chitsulo chatsitsi kuti alitokose. Mwandida anamugwira mkono, n'kuika wezuloyo m'thumba la suti, thonje lili momwemo.