Mabuleki Atsopano

Mkazi wanga Anastasia anachoka pakhomo Lachiwiri m'mawa, atatenga mwana wathu Tadala, chikwama chimodzi ndi ambulera yanga. Mlandu wanga unali njinga.

Ndifotokoze ndekha, chifukwa anthu a ku Zingwangwa amakonda kukometsera nkhani za eni. Ine ndine Onesimo, ndimagwira ntchito yosamalira pabwalo pasukulu ina ya pulayiveti ku Kanjedza. Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano ndakhala ndikupalasa m'mawa uliwonse, kudutsa pa Kamba, kukwera mtunda uja mpaka thukuta kulowa m'maso. Minibasi ndinasiyana nayo kalekale. Sindingathe kukhala anthu anayi pampando, chigongono cha munthu chili m'nthiti mwanga, kondakitala akuitanabe wina pamene dzuwa likukwera. Ine ndikafuna kupita, ndimafuna kupita nthawi yomweyo. Anastasia amati ndi matenda, koma ine ndinkati ndi kusunga nthawi.

Njinga yanga ndi yakuda, ya pakaunjika. Magiya ndinachotsa ndekha chifukwa tcheni chinkangogwa pakati pa msewu. Ndinaikapo galasi, belu lolira bwino, ndi chishalo chofewa chomwe anzanga a kabaza ankachisirira. Mabuleki okha ndiwo ndinkati ndikonza mwezi wamawa. Akutsogolo anafa kalekale, akumbuyo marabala ake anali atatha mpaka chitsulo. Ndiye ndinachotsa madigadi wakutsogolo, ndipo ndikafuna kuima ndinkaponda tayala ndi chidendene. Sindine ndekha wochita zimenezi m'tauni muno. Nsapato yakumanja inkatha msanga, basi.

Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi ndinakweza Tadala pakaliyala. Pamtsetse wa kufupi ndi msika, wa njinga yamoto anandidula kutsogolo. Chidendene sichinakwane, ndipo tonse awiri tinakathera m'ngalande. Mwanayo, wa zaka zinayi, anamusoka pachibwano kuchipatala. Anastasia sanakuwe ayi. Anangondikumbutsa kuti anali atanena za mabuleki kambirimbiri. Ine m'malo mokhala chete, pakamwa panga panatuluka mawu omwe mpaka lero ndimalakalaka nditawameza.

"Koma mwana sanafe."

Lachiwiri lake anapita kwa amalume ake, a Laurenti, ku Bangwe.

Masabata atatu ndinakhala ndekha m'nyumba ija. Sindikudziwa ngati munayamba mwakhalapo m'zipinda ziwiri zopanda phokoso la mwana. Ndinkakhala pampando, ndadzuka. Ndinkatsegula wayilesi, ndatseka. Ndinkatuluka kukaima pachipata ngati ndikudikira munthu, kenako ndinkakumbuka kuti aneba akundiona, ndiye ndinkanamizira kuyang'ana mpanda. Ndinawasowa zedi, ndipo zinkandipsetsa mtima kuti ndawasowa choncho.

Potsiriza a Laurenti anavomera kuti ankhoswe akumane Loweruka nthawi ya thuu koloko kunyumba kwawo. Kumbali yanga kunali kubwera achimwene anga a Obed, ochokera ku Chilomoni. Pafoni a Laurenti sanachulutse mawu. Anati mwana wawo sakufuna zambiri, akungofuna kudziwa ngati Tadala angakhale pafupi ndi bambo ake osavulala.

"Mubwere nayo njingayo," anatero. "Tiione ndi maso."

Lachisanu nditaweruka ndinapita kwa a Hawkins, omwe amakonza njinga pansi pa mtengo pa Kamba. Anaika marabala anayi atsopano ndi makebulo awiri, anawongola rimu yakumbuyo, anamangitsa masipoko. Ndinali nditabweretsanso madigadi uja, ndipo ndinawauza kuti amubwezeretse, popeza chidendene chinali chitapuma ntchito tsopano. Nthawi yonseyi ndinkangozungulira mtengowo, kufunsa ngati atsala pang'ono, mpaka anandiuza kuti ndikhale pansi kapena ndikagule chinangwa. Atamaliza ndinayesa pamsewu pomwepo. Ndinangogwira pang'ono, njinga inaima nji, ine ndinatsala pang'ono kudumpha chiwongolero. Kwa a Hawkins kulibe mlandu, ntchito yawo anaigwira bwino.

Loweruka timaweruka thwelofu koloko. Ndinasesa pabwalo kawiri, ndinathirira maluwa omwe ndinali nditathirira kale, ndipo nthawi inali isanakwanebe. Foni yanga inali itazima chifukwa magetsi kwathu anathima kuyambira dzulo lake, ndiye ndinalibe ngakhale choti ndiziyang'anapo. Ndinatenga njinga kuseri kwa khitchini ya sukulu n'kuitsuka ndi sopo. Itauma ndinaima patali n'kuiyang'ana ngati mmene a Laurenti akanaiyang'anira. Sinandisangalatse. Inkaonekabe yotopa, penti itasuluka, marimu ali ndi timadontho ta dzimbiri. Ndinaganiza kuti munthu wamkulu sadzayamba n'kufinya mabuleki, adzayamba n'kuona ndi maso, monga ananenera yekha.

M'chipinda chosungiramo zipangizo pasukulupo munali kabotolo ka oyilo wa makina otchetchera kapinga. Ndinanyowetsa kansanza n'kuyamba kupukuta. Felemu inawala. Madigadi anawala. Kenako ndinagwada n'kupukuta marimu onse awiri, mbali zonse, mosamala ngati mayi akudzoza mwana mafuta popita kusikelo. Mlonda wa pageti ataiona anandifunsa ngati ndagula ina, ndipo mtima wanga unakhala m'malo koyamba m'masabata atatu.

Ndinavala malaya oyera ndi nsapato za kutchalitchi, n'kunyamuka. Kuchoka ku Kanjedza kupita ku Limbe sindinafune mabuleki kwenikweni, ndipo mu Limbe munali anthu ndi magalimoto othithikana moti ndinatsika n'kumaikankha. Nditakweranso ndinaona kuti ndikagwira mabuleki sakulira ngati dzulo. Ndinati marabala akhazikika. Mutu wanga unali kale ku Bangwe, kubwereza mawu opepesa, kuwasintha, kuwabwerezanso.

Kwa a Laurenti umasiya tala n'kukhotera mumsewu wafumbi wotsetsereka, wokumbika ndi madzi a mvula mbali zonse. Nditakhota, njinga inayamba kuthamanga yokha. Patsogolo, mwina mamita makumi asanu, ndinaona masamba atayalidwa kudutsa msewu.

Palibe munthu wokulira kuno amene sadziwa masamba amenewo. Pali maliro. Wagalimoto amayenda pang'onopang'ono n'kutseka wayilesi, wachipewa amavula, wanjinga amatsika n'kuikankha mpaka atadutsa masamba achiwiri. Ine ndemwe ndinatukwanapo anyamata a njinga zamoto ku Zingwangwa chifukwa chosatsika. Ndiye ndinagwira mabuleki kuti nditsike mwaulemu.

Zogwirira zinafika mpaka pachiwongolero, koma njinga sinamve kanthu. Ndinafinyanso ndi mphamvu zanga zonse, marabala ankangotsetsereka mwakachetechete. Phazi langa lakumanja linanyamuka lokha, monga linazolowerera zaka zonsezi, kukafuna tayala, koma linakapeza madigadi. Ndinadutsa pamasamba aja ndili pachishalo.

Kumanzere azibambo anali atakhala pamabenchi ndi pamiyala. Kumanja azimayi anali pamphasa, akuimba nyimbo yapansipansi. Pakati pa msewu amayi awiri ankawoloka atasenza zidebe za madzi. Ndikanakuwa, mwina anthu akanamva kuti ndili pamavuto. Koma chala changa chinachita zomwe chimachita tsiku lililonse pa Kamba. Ndinaliza belu. Ndinaliza kangapo, belu langa lolira bwino lija, pakhomo pa siwa.

Amayi aja anadumphira kumbali, chidebe chimodzi chinagwa. Nyimbo inaduka. Ine ndinakaima mu mulu wa nkhuni zomwe anthu anabweretsa zophikira pamaliropo, malaya oyera aja ali fumbi lokhalokha.

Sanandimenye, ngakhale anyamata awiri anafika ali okonzeka. Bambo wina wachikulire wa komiti ya maliro anawaletsa ndi dzanja. Njinga anaitenga n'kuitsamiritsa pakhoma, ine anandiyendetsa kupita pomwe panali azibambo. Bamboyo anandifunsa modekha ngati kwathu anthu samwalira. Kenako anatembenukira kwa anthu n'kufunsa ngati alipo amene akundidziwa.

Apa m'pamene ndinawaona. Pabenchi yachiwiri panali a Laurenti, manja ali pamaondo. Pambali pawo panali achimwene anga a Obed, atagwira chipewa, akuyang'ana pansi ngati pagwa singano. Omwalirayo anali mayi wachikulire woyandikana nyumba ndi a Laurenti, ndipo anatisiya m'mawa wa tsiku lomwelo. Zokambirana zathu zinali zitaimitsidwa. A Obed anamva atafika kale pasiteji, ndiye anangobwera kudzakhala nawo pamaliro. Ine anandiimbira kasanu, foni ili yozima m'thumba.

A Laurenti anadikira kaye, ndipo ndikukhulupirira kuti anachita dala. Kenako anaimirira.

"Ndi mkamwini wathu."

Ndinayamba kufotokoza mofulumira. Ndinati mabuleki ndi atsopano, ndaika dzulo lomweli, marabala anayi, makebulo awiri, aliyense akhoza kupita pa Kamba kukafunsa. Ndinali nditayamba kale kupsa mtima ndi a Hawkins, ndipo ndinatchula dzina lawo mokweza kuposa mmene munthu amalankhulira pamaliro. Bambo wa komiti uja anapita panjinga, anafinya buleki yakutsogolo n'kuikankha. Tayala linazungulira bwinobwino. Anawerama, anapititsa chala parimu, n'kuchiyang'ana.

"Wadzoza ndani oyiloyu?"

Ndinayang'ana chala chawocho, chikunyezimira. Pabenchi wina anatsokomola pofuna kubisa kuseka. Ndinafunafuna m'mutu munthu woti ndimuloze, wa njinga yamoto, a khonsolo osakonza misewu, a magetsi, aliyense. Panalibe. Ndinayankha kuti ndine, ndimafuna iwale.

Anandiperekeza kwa anamfedwa, ndipo ndinagwada n'kupepesa. Mwana wamkulu wa malemuyo anangogwedeza mutu, maso ali ofiira, osandiyang'ana n'komwe. Manyazi omwe ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire. A komiti anati popeza nkhuni ndazimwaza ndine, ndizitolere ndipo ndiziwaze. Anandipatsa nkhwangwa. Kunena zoona ndinayamikira, chifukwa akanandiuza kuti ndikhale pabenchi anthu akundiyang'ana, sindikanatha.

Ndinali nditawaza pafupifupi theka la mulu pamene Anastasia anabwera kudzatenga nkhuni. Anali atavala chitenje chakuda ndi duku, manja ali ndi phulusa. Anali ataonda pang'ono. Ndinadziwa kuti anaona zonse, chifukwa mphasa za azimayi zinali moyang'anana ndi msewu. Anandipatsa moni ngati mlendo, ine ndinayankha, n'kufunsa za Tadala. Anati ali bwino, akusewera kwa aneba, ulusi anachotsa sabata yatha.

Mawu opepesa omwe ndinabwereza njira yonse anali atabalalika. Ndinangoyamba kunena kuti oyiloyo amachoka ndi sopo wa ufa, kuti marabala ndikasintha mawa lomwe, kuti ndi nkhani ya mphindi khumi. Anandisiya ndilankhule uku akusanja nkhuni pamkono.

"Bambo a Tadala, ndikufunseni chinthu chimodzi. Tikanagwirizana lero, mumati tibwerera bwanji ku Zingwangwa?"

Bodza linali pafupi kwambiri. Ndikanangoti pa minibasi tonse atatu, njinga idzatsatira. Koma mayiyu wakhala nane zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo amadziwa mmene ndimaonera minibasi.

"Inu pa minibasi," ndinatero. "Tadala ndimati ndimukweze, kuti muone kuti njinga ili bwino."

Sanakwiye, ndipo bwenzi zili bwino akanakwiya. Anayang'ana msewu uja kuchokera kumtunda komwe ndinatsikira mpaka pomwe panagwera chidebe, pomwe dothi linali lidakali lonyowa. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndikudziwa kuti munakonza," anatero motsitsa. "Ndikudziwanso kuti mumamukonda. Ndi chimene chikundiopsa, chifukwa leroli ndiye munayesetsa."

Ndinafunsa ngati ankhoswe angakumane Loweruka linalo, maliro akatha. Anati ndisavutitse a Obed ndi maulendo. Pafupi ndi msika wa Bangwe pali sukulu ya mkaka, ndipo Lolemba akamulembetsa Tadala kumeneko. Ndikafuna kumuona ndizibwera Lamulungu masana, palibe amene andiletse.

Anakweza nkhuni zija paphewa n'kubwerera kumoto. Azimayi anali atayambanso nyimbo. Ine ndinatenga chipika china, ndinachiimika, n'kupitiriza kuwaza, chifukwa panalibe amene anali atandiuza kuti ndisiye.