Kansalu ka M'kati mwa Msoko

Telala wodziwa ntchito amasiya kansalu kopinda m'kati mwa msoko, kuti mwini thalauza akanenepa tingomasula n'kukulitsa. Ine ndimasiya zala ziwiri. Pa thalauza la yunifolomu la achimwene anga ndinasiya zala zinayi, poti ndinkawadziwa kadyedwe kawo, koma m'zaka zitatu zokha zonsezo zinatha.

Achimwene amayendetsa lole ya fakitale yopanga tizakudya ta chimanga tofufumitsa, tija timasiya zala zachikasu. Loleyo amaikonda moti alamu anga amangoti ndi mkazi mnzawo. Tsiku lina anatulukira pashopu panga thalauza lili m'manja, nkhope ili yakugwa.

"Achemwali, tandikulitsireniko pang'ono m'chiunomu."

"Ndikulitse ndi chiyani? Nsalu inatha kalekale. Nanga nkhopeyo bwanji?"

Anakhala pabenchi, benchi n'kulira. Anandiuza kuti dokotala wa kuntchito wawayeza, wapeza magazi akuthamanga kwambiri, shuga nayenso wakwera. Wawapatsa miyezi inayi. Akadzayezanso n'kupeza zomwezo, awatsitsa pa lole, chifukwa munthu wotero akhoza kukomoka ali pachiwongolero.

"Chonsecho ine sindidya kwambiri," anatero. "Masana sindikhala n'komwe pansi kuti ndidye."

Ndinangotembenuza matumba a thalauzalo monga ndimachitira ndisanasoke, ndipo patebulo panga panangoti waa! nyenyeswa zachikasu ndi timapepala topindapinda. Kufakitaleko mapaketi ophulika amawapatsa madalaivala ulere. Achimwene ankaika thumba lathunthu pampando wa pambali, dzanja n'kumangopita lokha kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, akutsitsira ndi zakumwa zotsekemera. Kwa iwo chimenecho sichinali chakudya, kunali kungocheza ndi msewu.

Ndinavala magalasi n'kuwawerengera timalemba ta kuseri kwa pepala limodzi. Ufa wa chimanga, mafuta a chimanga, manyuchi a chimanga, mchere. Pa botolo lomwe anabwera nalo panalembedwanso manyuchi omwewo.

"Mwamva? N'chimanga chokhachokha, changosintha zovala. Achichotsa gaga, achikazinga m'mafuta, achithira zotsekemera. Mukhuta bwanji ndi mphepo yothira mafuta?"

"Ingoikani chigamba kumbuyoku, achemwali. Zaulalikizo mawa."

Apa mtima unandiwira. Bambo athu tinawaika m'manda ndi matenda omwewa, ndipo mathalauza awo ndinkakulitsa ndine, osanena kanthu, ndikudziona ngati mwana wabwino. Ndinapinda thalauzalo n'kuwabwezera.

"Chigamba sindiika. Kaikitseni kwina."

Anachoka osatsanzika. Milungu itatu sanandiyankhule, ndipo ndisaname, zinandipweteka. Nkhani ndinkazimvera kwa alamu. Akuti sabata yoyamba ankakalipira aliyense, ngakhale mphaka. Kenako anayamba kunyamula kabokosi ka nyemba ndi ndiwo zamasamba, n'kumaimika lole masana kuti adye ngati munthu. Pampando wa pambali anaikapo chigubu cha madzi. Anzawo ankawaseka kuti munthu wonyamula matani a zokoma akutafuna kabichi ngati mbuzi. Iwo ankangoti, "Ndimanyamula, sindimeza."

Anayambanso kupita kuntchito wapansi. Njira yawo imadutsa pashopu panga, ndiye m'mawa uliwonse ndinkawaona akupuma mwawefuwefu, thalauza lomanga ndi chingwe chifukwa batani silinkafika, maso ali kutsogolo ngati sakundidziwa. Ine ndinkapondereza makina mwamphamvu kuti asaone kuti ndikumwetulira. Mwezi wachiwiri anayamba kukweza dzanja. Wachitatu chingwe chija chinasowa, batani linali litafika.

Tsiku lokayezedwanso ndinasoka kolala ya kasitomala mozondoka, ine amene ndaphunzitsa atelala asanu ndi awiri. Masana ndinamva hutala panja. Lole inaima pakhomo penipeni, kutsekereza dzuwa ndi makasitomala omwe. Achimwene anatsika okha, mopepuka, osagwira chitseko. Dokotala anali atawasainira chaka china, n'kuwauza kuti asalekere pomwepo, ulendo ukadalipo.

Sanandiuze zambiri. Anangoika thalauza lija patebulo.

"Likugwa. Libwezeni."

Ndinawazunguliza tepi m'chiuno, ndinayezanso kachiwiri kuti ndingonyadira. Ndinaitana mayi wogulitsa mabatani pafupi nane kuti adzaone nambala, chifukwa nkhani yotere siikoma kuidziwa wekha. Nditabweza msoko, m'kati munatsala nsalu yokwana zala zisanu. Ndinayamba kuipinda bwinobwino kuti ndiisite, monga mwa ntchito yathu.

"Mukutani?" anafunsa.

"Ndikusiyirani ya mtsogolo."

"Dulani."

"Achimwene, telala sadula imeneyi. Mukadzanenepanso..."

"Ndati dulani, achemwali."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndili pamakina, sindinadulepo kansalu kameneko pa thalauza la munthu. Ndinatenga sizasi yaikulu ija n'kudula mbali zonse ziwiri. Achimwene anatola tizidutswato pansi, anatiyang'ana pang'ono, n'kutiika m'thumba momwe munkakhala nyenyeswa muja.