Mabotolo Atatu ndi Filiji ya ku Famase

Ine sindikhalitsa malo amodzi. Ntchito yanga n'kuperekeza katundu wa anthu pa malole. Sabata ziwiri uku, mwezi uko. Ndikafika ndimasayinitsa mapepala, kusamba, n'kukwera lole ina. Kwathu amanditcha Chikwama. Sindidandaula. Dzinalo ndinalikhetsera thukuta.

Koma nacho chikwama chimafuna msomali wokolekapo. Msomali wanga unali kachipinda kakuseri kwa nyumba ya achemwali anga. Bedi limodzi. Masutikesi awiri. Wailesi ya malemu bambo. Zenera loyang'ana pampopi. Basi. Pa dziko lonse lapansi, chitseko chokhacho ndicho ndinali ndi kiyi wake.

Lachiwiri lina achemwali anaimba foni.

"Iwe Chikwama, uli kuti?"

"Pamzere wa malole, achemwali."

"Mzere wakowo sutha. Tamvera. Alamu ako akufuna chipinda chija. Mafiliji a anthu adzaza pakhonde, mvula ili pafupi. Akuti ubwere udzachotse katundu wako."

"Ndikamuike kuti?"

"M'chikwamamo."

Anadula.

Alamu anga amakonza mafiliji. Msewu wonse umawatcha a Gasi, chifukwa cha gasi amene amathira m'mafilijimo. Munthu wabwino, wamimba yake, wamakani. Kutsutsana nawo n'kutaya malovu. Koma ine ndinkadziwa polowera pawo. Pakhosi.

Pobwerera, lole inaima pafupi ndi sitolo ina yaikulu. Ya magalasi okhaokha. Ija alonda amayamba akuyang'ana nsapato usanalowe. M'katimo ndinapeza shelefu ya mowa wakunja. Osati wa m'makireti uja. Uwu amafulula pang'onopang'ono m'timafakitale ting'onoting'ono, kutali, kutsidya kwa nyanja zamchere. Botolo lakuda, lalifupi, lamapewa. Pakamwa chitsekerero chomanga ndi kawaya. Papepala lake chithunzi cha mbuzi yovala chipewa.

Wogulitsa anandipatsa malamulo ngati ndikugula khanda.

"Uwu sitimwa wozizira kwambiri, bwana. Ungozizira pang'ono. Botolo liziima chilili, pansi pali nsenga. Pothira osathamanga."

Ndinayang'ana mtengo. Ndinapukuta m'maso. Ndinayang'ananso. Botolo limodzi linali kireti yathunthu ya mowa wamba. Ndinagula atatu. Potuluka, thumba linali lopepuka kuposa miyendo.

Ndinafika Lachisanu masana. Khonde silinkaoneka. Mafiliji ali ndandanda ngati odwala pachipatala. Ena opanda zitseko. Ena atawamanga m'chiuno ndi mphira. Alamu ndinawapeza atagwada kuseri kwa kafiliji koyera, sikuludiraiva ili kukamwa.

"Ho, alamu! Lole yakulavulani?"

"Yandilavula, alamu. Ndakutengeraninso kanthu."

Ndinatulutsa mabotolo awiri. Lachitatu ndinalisiya m'chikwama, m'kati mwa sokosi. Musandifunse chifukwa. Munthu woyendayenda sakhuthula thumba lonse.

Achemwali anatuluka akupukuta m'manja. Maso awo sanapite pa mbuzi ya chipewa. Anapita pakapepala ka mtengo. Ndinali nditaiwala kukamatula.

"Iwe! Mowa umenewu umalankhula?"

"Ndi wakunja, achemwali."

"Ukamwa umakuperekeza mpaka pakhomo? Umakuvula nsapato? Mutu wako unatsalira pa lole, ndithu."

Alamu anatembenuza botolo uku ndi uku. Analikweza kudzuwa.

"Pansipa pali matope, alamu. Akugulitsani wotsalira mumgolo."

"Ndi nsenga. Ndiye ubwino wake."

"Chabwino. Mowa ndi mowa. Kusiyana kwake n'kuzizira basi."

Anatsegula kafiliji koyera kaja.

"Iyi ndi ya amayi a ku famase. Ndaimaliza lero. Abwera mawa thu koloko kudzaitenga. Igone ikuyenda, igwireko ntchito ya mowa."

Analowetsa dzanja m'kati. Anatsinzina. Anakhala choncho kanthawi, kenaka analitulutsa akulikupiza.

"Mwaona? Dzanja ili ndiye mita yanga. Zaka makumi awiri. Likaluma, filiji yachira."

"Komatu wogulitsa anati usazizire kwambiri."

"Alamu, inu mumadziwa malole. Kuzizira mundisiyire ine."

Anaika mabotolo aja, chilili, n'kutseka.

"Nkhani ya chipinda tikamba mawa. Tikumwa mbuzi yanuyi."

Loweruka ndinadzuka ndili munthu wina. Ndinasesa khonde. Ndinakulunga mawaya. Ndinasanja masikuluu m'zitini, aakulu paokha, aang'ono paokha. Achemwali ankangondiyang'ana pazenera.

"Ukudwala?"

"Ndikuthandiza."

"Zaka zonsezi tsache sulidziwa. Lero lakhala mbale wako."

Itakwana thwelofu, achemwali anatulutsa matambula a alendo. Aja amakhala m'kabati chaka chonse. Alamu anasamba m'manja ndi sopo, anakhala pa kireti, n'kunena kuti mwini mowa atsegule yekha.

Ndinatsegula filiji.

Ndinatseka.

Ndinatsegulanso.

Botolo lina linali litang'ambika kuchokera paphewa mpaka pansi. Linzake linali litalavula chitsekerero, kawaya ndi zonse. Pakamwa pake patamera chinthu chofiirira, chouma gwa, ngati bowa. Mashelefu onse thovu louma. Mbuzi ya chipewa ikundiyang'ana m'kati mwa ayezi.

Achemwali anasuzumira paphewa panga. Anayamba ndi kukhosomola. Kenaka anagwira chitseko. Kenaka anakhala pansi.

"Makireti awiri! Makireti awiri asanduka matalala! Mayo ine, nthiti zanga!"

Ine sindinaseke. Chipinda changa chinali mmenemo, chitauma.

Nawonso alamu sanaseke. Anadzuka pa kireti, n'kugunditsa khutu pambali pa filiji.

"Tatontholani, mayi."

Achemwali anatonthola. Injini inkangong'ung'udza. Tinadikira. Inkang'ung'udzabe. Alamu anagwira kuseri, n'kuchotsa dzanja msanga.

"Sikuzima. Chiyatsireni dzulo sinazimepo."

"Ndiye kuti ndi yamphamvu," ndinatero.

"Ndiye kuti themositati yafa. Kachipangizo kaja kamazimitsa injini kukazizira mokwana. Iyi ikungoziziritsa, osapuma."

Anakhalanso pa kireti. Nkhope itagwa. Anayang'ana dzanja lawo ngati lawabera.

"Aliyense amabwera pano akulira kuti filiji sikuzizira. Palibe anabwerapo kuti yazizira mopyola. Ndiye dzanjali limangodziwa kuluma. Likaluma ndimati tatha."

Analoza kafiliji koyera kaja.

"Mayi aja amasungamo mankhwala a anthu a shuga. Obaya aja. Akauma ngati mwala, atha ntchito. Ngakhale asungunuke. Munthu n'kumadzibaya madzi, osadziwa."

 Kuseka kwa achemwali kunathera pompo. Anayang'ana wotchi.

"Kwatsala ola ndi theka. Mukhala mukulira, kapena?"

Sindinaonepo munthu wamimba akuthamanga choncho. Anagwetsa filiji ina yakufa, n'kuichotsa themositati. Ine ndinapatsidwa ntchito yotola magalasi. Ndinadzicheka chala. Achemwali anatenga mashelefu kupita nawo pampopi. Ayezi atayamba kusungunuka, khonde lonse linadzaza fungo. Makoko a malalanje. Buledi wotentha. Ndi kena kake ngati maluwa. Woyandikana nawo nyumba anasuzumira pampanda kufunsa ngati tikuphika keke.

"Gwirani apa, alamu. Osati apo! Apa! Kodi pa lole mumagwira chiyani?"

"Mapepala."

"Zikuoneka."

Thu koloko yeniyeni kagalimoto kanaima pageti. Amayi a ku famase anatsika. Aatali, ovala gauni yoyera, osataya mawu. Anafika pakhonde. Ananunkhiza. Anatsegula filiji yawo. Ananunkhizanso.

"A Gasi, filiji yanga yayamba liti kumwa?"

Ndinaona bodza likukwera pakhosi pa alamu. Linafika pamilomo. Anameza. Kenaka anafotokoza zonse. Dzanja, themositati, mabotolo. Mpaka kuwaonetsa magalasi m'chidebe.

Mayiwo anamvetsera osaphethira.

"Ndiye pakanapanda mowa wa bambo awa, ndikananyamula lero?"

"Mukananyamula, mayi."

"N'kuikamo mankhwala madzulo ano?"

"N'kuikamo."

Anapita kugalimoto. Anabwera ndi kagalasi koyezera kuzizira, kokhala ndi mizere.

"Aka muikemo. Filiji ikhale mpaka Lolemba. Dzanja lanu lizigwira sikuludiraiva, kuyeza musiyire aka." Anatembenuka kuti azipita, kenaka anaima. "Ndili ndi mafiliji ena awiri owonongeka kusitolo yanga ina. Ndi ina ya mnzanga wa kukiliniki. Amisiri ndawayesa ambiri, onse amalumbira kuti zili bwino. Inu mwanena zoona. Lolemba ndibweretsa onse atatu."

Galimoto inapita. Alamu anavina pang'ono, mimba ikutsatira m'mbuyo. Achemwali anaimba nthungululu.

Ine ndinayang'ana khonde. Panalibe poponda. Mafiliji ena atatu. Mvula ili pafupi. Ndiye kuti ndinagula mowa wodula kuti undithamangitse bwino. Walira mvula walira matope.

Ndinalowa m'kachipinda kanga. Ndinatsitsa masutikesi. Ndinakulunga wailesi ya bambo m'thaulo. Posolola chikwama kunsi kwa bedi, ndinakhudza sokosi ija. Botolo linali litakhala m'chikwamamo usiku wonse, chilili pasimenti, litatsamira khoma. Lozizira pang'ono chabe. Monga ananenera wogulitsa.

Ndinaganiza zokamwera ndekha pa lole. Ndinaganiza kawiri. Ndinatuluka nalo.

"Taonani wakubayu!" anakuwa achemwali. "Anabisa lina!"

"Ndi lotsanzikira, achemwali. Bweretsani matambula."

Ndinamasula kawaya. Chitsekerero chinati phu, mwaulemu. Ndinathira pang'onopang'ono, matambula atatu, nsenga n'kuzisiya pansi. Thovu linakwera loyera, lolimba, osaphwa.

Achemwali anati iwo samwa, angolawa.

Alamu ananunkhiza. Anapsontha. Anayendetsa m'kamwa ngati akutsuka mano. Anameza. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali.

"Alamu, ndinene zoona?"

"Lero ndi tsiku lake."

"Poyamba ukutsekemera. Pakati ukununkhira. Pothera ukuwawa ngati mankhwala a malungo." Anapsonthanso. "Ndipo ndi wofunda."

"Ndiye wake."

"Kireti yathunthu, kugula mowa wofunda." Anapukusa mutu. Koma tambula sanaisiye.

Tinatembenuka. Ya achemwali inali itauma. Anali atagwira botolo, akuthira nsenga zija.

"Zimenezo sitimwa, achemwali!"

"Pa mtengo umenewu? Ndimwa ndi mbuzi yomwe."

Tinaseka mpaka chala changa chinayambanso kuwawa. Kumbuyo kwathu kafiliji koyera kanati tha, n'kukhala chete. Alamu anakweza chala.

"Mwamva? Yazima. Yokha."

Anamwetulira ngati mwana wawo wayamba kuyenda. Kenaka anaona masutikesi anga pakhomo.

"Amenewo akupita kuti?"

"Mwati mukufuna chipinda."

"Chipinda ndikuchifuna. Sindinama." Anakanda chibwano. "Koma munthu amene mabotolo ake afera dzina langa, ndim'ponye pamsewu? Anthu adzati chiyani? Tabwerani."

Ananditengera kumapeto kwa khonde. Kunali chifiliji chogona, chija chotsegula pamwamba. Chachikulu ngati bokosi la chimphona.

"Ichi chinafa kalekale. Mwini wake anachikana. Koma mphira wake ngwabwino. Simulowa khoswe, simulowa mphemvu, simulowa fumbi. Chili ndi poika loko. Masutikesi, wailesi, nsapato, zonse umu. Chilowe m'chipindamo. Pamwamba pake ndizigwirirapo ntchito. Bedi likhale kukhoma lake. Khoma linalo ndi la odwala anga."

"Ndizigona ndi mafiliji?"

"Pamwezi mumagonamo kangati? Kawiri? Iwo azigona masiku enawo. Koma pali lamulo. Mukakhalapo, makutu azigwira ntchito. Ikang'ung'udza osazima, mundiitane."

Ndinayang'ana achemwali.

"Usandiyang'ane ine. Ukakana, ine ndiikamo mbatata zogulitsa." Anageya, n'kudzigwira pakamwa. "Pepani. Ndi mbuzi."

Tinachikoka chifiliji chija tonse atatu. Chinakana pakhomo. Tinachotsa chitseko. Chinalowa, chitseko n'kuchibwezera. Katundu wanga yense anakwanamo, malo n'kutsala. Zinandichititsa manyazi pang'ono. Zaka zonsezi, moyo wanga sudzaza filiji imodzi.

Pamzere wa malole anzanga amandifunsa. Mowa wa mbuzi uja, ngwoyenera mtengo wake? Ine ndimati sindidziwa bwino. Pa mabotolo atatu ndinamwapo tambula imodzi, yosadzaza. Unali wokoma. Pothera unkawawadi ngati mankhwala a malungo. Kugulanso sindinagule. Alamu masiku ano amayesa mafiliji ndi kagalasi kaja ndi botolo la madzi. Amati madzi akaphulika salira munthu.

Lolemba lija ndinanyamuka m'mawa, galimoto ya ku famase isanafike. Botolo lopanda kanthu lili pazenera, achemwali anaikamo duwa la pulasitiki. Odwala a alamu analowa kale, akung'ung'udza kukhoma lawo. M'chipinda muli motentha. Sindinkadziwa. Filiji imazizira m'kati, kunja imafunditsa.

Ndinakhoma chitseko. Kenaka ndinakumbukira, n'kutsegulanso. Alamu alowamo eyiti koloko.

Pamphete yanga tsopano pali makiyi awiri. Wachitseko, ndi wa loko ya filiji.