Ndime Imene Retno Anadula

"Tawerenganinso pamenepo, Pak," anatero Retno, akukankhira mbale ya mpunga pambali.

Pak Sarwoto anakonza magalasi awo, naika chala pa kope lawo lothimbirira. "Pulogalamu ikagwa, kapitawo amaidzutsa. Ikagwanso, amaidzutsanso. Inu musade nkhawa." Anatukula mutu. "Ndi mmene munalembera, Mbak. Ine ndinangokopera." M'Chiindoneziya, Pak ndi bambo, Bu ndi mayi, Mbak ndi achemwali, ndipo Mas ndi achimwene.

Anali pa kanyumba kodyera ka m'mbali mwa msewu mu mzinda wa Semarang, pamene Retno ndi mnzake Yudi ankakumana Loweruka lililonse masana kukonza malangizo a pa intaneti. Inali ntchito yongodzipereka. Kapitawo wonenedwayo sanali munthu, koma pulogalamu ya m'kompyuta imene imayatsa mapulogalamu ena onse ndi kuwayang'anira. Malangizo ake anali m'Chingerezi chouma gwa, ndipo Retno ndiye anawalemba m'Chiindoneziya zaka zitatu zapitazo. Masamba amenewo ankawanyadira, ndipo sankabisa.

Pak Sarwoto anali atabwera pa njinga yamoto kuchokera kwawo ku Demak, dera la maiwe a nsomba. Kale ankakonza mawailesi, koma mawailesi atatha ntchito anadziphunzitsa okha za makompyuta, pokopera masamba a Retno ndi dzanja, poti kumaiwe intaneti imabwera ikafuna. Bungwe la alimi a nsomba linawalemba ntchito yosamala kakompyuta kamene kankayeza mpweya m'madzi. Mpweya ukachepa, kankayatsa makina ovundula madzi ndi kuliza mafoni a alimi. Lachiwiri lapitalo waya wina unakhwepa, pulogalamu yoyeza inagwa, ndipo palibe chinaidzutsa. Pamene anthu ankafika, maiwe awiri anali atayera mbuu ndi mimba za nsomba.

"Lachisanu a bungwe akumana, ndipo andichotsa," anatero mkuluyo modekha. "Sindinabwere kudzakangana, Mbak. Ndingofuna kudziwa pamene ndinalakwa. Munthu ukapunthwa umayenera kuuona mwalawo."

Retno anawalonjeza kuti afufuza. Mkuluyo anamaliza tiyi wake, nathokoza kawiri konse, n'kunyamuka.

Kufufuzako sikunatenge nthawi. Atatsegula malangizo a Chingerezi, ndimeyo inali pomwepo: pulogalamu ikagwa kasanu motsatizana m'kanthawi kochepa, kapitawo amaitaya, saidzutsanso mpaka munthu abwere. Retno anakumbukira bwinobwino tsiku limene anaidula ndimeyo. Inali yaitali, yodzaza manambala, ndipo iye anaganiza kuti ingosokoneza anthu wamba.

Yudi anasuzumira pa kompyutayo, naimba mluzu.

"Paja unkati ukufuna malangizo oti ngakhale agogo ako amve," anatero. "Agogo amva, nsomba zafa."

"Usandiseke, Mas. Mtima wanga suli m'malo."

"Ndiye konza. Bwezera ndimeyo, basi. Madzi akatayika saoleka. Ndani amawerenga mbiri ya zosintha pa tsamba? Ife awiri, ndipo wina mwa ife ndi waulesi."

Mwambo wawo unali woti wokonza tsamba alembe chimene chinali cholakwika. Retno anabwezera ndimeyo, anaifewetsa bwino, ndipo pa malo a chifukwa anangolemba kuti, "Kukonza pang'ono." Anadziuza kuti Pak Sarwoto awaimbira mawa. Mawa lake anadziuza kuti awaimbira Lolemba. Manyazi ali ndi luso lopezera munthu ntchito zina.

Lachitatu, ali ku ofesi, foni inalira.

"Mbak Retno, ndine Sarwoto. Ndati ndipepese, ndinakutayitsani nthawi."

"Kupepesa chiyani, Pak?"

"Bu Lastri, apampando athu, atsegula tsamba lanu pa foni dzulo pamaso pa anthu. Chenjezo lija lilipo, lolembedwa bwinobwino. Ndiye kuti ine ndinalumpha pokopera." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. "Kope ndalitembenuza mpaka latsala pang'ono kung'ambika. Ndinkadziyesa wosamala, koma maso akalamba. Akunena zoona anthuwa, ntchitoyi ndi ya achinyamata. Lachisanu ndikangowapatsa makiyi."

Mkuluyo anamufunira tsiku labwino, nadula foni.

Retno anaika foni pansi. Kudula ndime kuja kunali kulakwa kwa munthu wofuna kuthandiza. Koma izi zinali zina. Iye anali atachititsa munthu wosalakwa kukayikira maso ake omwe, ndipo zinamuwawa kuposa nsomba zija.

Anaimbira Yudi.

"Ukufuna kupita ku Demak?" anafunsa Yudi. "Kwa anthu amene ataya nsomba maiwe awiri? Akakuponya m'dziwe lachitatu."

"Ndikasambira."

"Retno, sunalembedwe ntchito ndi iwo. Tsamba lili bwino tsopano."

"Tsamba lili bwino, munthu sali bwino. Mlandu suwola, Mas. Ndibwereke galimoto."

Yudi anausa moyo. "Mafuta ukathire wekha. Ndipo nsomba akakupatsa, theka ndi langa."

Lachisanu masana, anthu atatuluka ku mzikiti, alimi anasonkhana pa khonde la nyumba ya bungwe. Fungo la maiwe linali lidakali lolemera. Pak Sarwoto anakhala kumapeto kwa mkeka, makiyi ali m'manja, atavala malaya awo abwino. Ataona Retno akutsika m'galimoto anadzidzimuka, nafuna kuimirira.

Bu Lastri anali mayi wamfupi wa mawu akulu, amene sankakonda nkhani zozungulira. Retno atadzitchula dzina, mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ndinu mwalemba zija? Mwalemba bwino. Vuto ndi owerenga."

"Ayi, Bu. Chenjezo limene munawerenga lija ndaliika Loweruka lapitali, nsomba zitafa kale."

Retno anatsegula kompyuta yake, naonetsa masamba awiri moyandikana, lakale ndi latsopano, lililonse ndi tsiku lake. Kenako anapempha kope la Pak Sarwoto, naliika pambali pa tsamba lakale. Bu Lastri anayendetsa chala mzere ndi mzere, milomo ikugwedera. Panalibe liwu limodzi lolumphidwa. Ngakhale pamene Retno anaiwala kuika mpumiro, mkuluyo anali atakopera momwemo.

"Ndimeyo ndinaidula ndine zaka zitatu zapitazo, poyesa kufewetsa," anatero Retno. "Nditazindikira, ndinaibwezera mwakachetechete chifukwa cha manyazi. Pak Sarwoto anachita zonse zimene ndinawauza."

Mlimi wina wamtali, Pak Harjo, mwini wa limodzi mwa maiwe aja, analavulira pambali.

"Ndiye mwabwera kudzadzutsa nsomba zanga?"

"Sindingathe, Pak."

"Inu a m'tauni mumalemba muli pa mpando wofewa, ife n'kumakwirira nsomba. Pepani wanuyo ndimuthire mchere ndikagulitse?"

Pak Harjo ananyamuka, navala nsapato zake, n'kumapita osatsanzika.

Bu Lastri anatseka kope lija, nalibweza kwa mwini wake ndi manja awiri.

"Pak Sarwoto, makiyiwo abwezeni m'thumba, mungawataye. Waya uja munayenera kuuona, zimenezo tikambirana. Koma tinakutchulani waulesi pagulu, ndipo pagulu pomwepa ndikuti tinalakwa." Anatembenukira kwa Retno. "Inunso, Mbak, musachoke musanatikonzere chinthuchi. Simunabwere kudzangolira."

Anapita ku kashedi ka m'mbali mwa dziwe, kumene kakompyuta kaja kankakhala m'bokosi la pulasitiki. Retno anasintha zoti kapitawo asamatope, azidikira pang'ono n'kuyesanso. Anazula waya dala, naubwezera, ndipo patapita kanthawi pulogalamu inadzukanso yokha, makina ovundula madzi n'kuyamba kuzungulira. Pak Sarwoto anayang'ana osaphethira.

Atatha, Retno anakhala pa chidebe chovundikira, natsegulanso tsamba lija. Pamwamba penipeni analemba kuti kwa zaka zitatu tsambali linalibe chenjezo lofunika, kuti aliyense amene analitsatira ayang'anenso makina ake, ndipo anaika tsiku ndi dzina lake lonse. Kenako anawawerengera Pak Sarwoto ndime imene anaibwezera ija.

Mkuluyo anakanda m'mutu. "Mbak, musakwiye. Mwati 'kanthawi kochepa.' Kochepa bwanji? Kwa ine kanthawi kochepa ndi kumwa tiyi."

"Masekondi khumi, Pak."

"Ndiye lembani khumi. Manambala sitiwaopa ife, timayeza nsomba tsiku lililonse."

Retno anaseka, nalemba khumi. Anawerenganso, mkuluyo anapezanso pena, iye anakonzanso. Ulendo wachitatu Pak Sarwoto anagwedeza mutu movomera.

Anatulutsa cholembera m'thumba la malaya, natsegula kope pa tsamba lija. Pansi pa mawu akuti "Inu musade nkhawa" panali pamene iwo eni analemba ndi zilembo zazikulu masiku atatu apitawo: "Ndinalumpha apa." Retno anawaona mawuwo, ndipo misozi imene anaigwira pakhonde paja inamugonjetsa.

Pak Sarwoto anachita ngati sanaone. Anajambula mzere umodzi wowongoka pa mawu awowo, nakonza magalasi.

"Tsopano nenani pang'onopang'ono, Mbak," anatero. "Ine ndimakopera zonse."