Uthenga wa a Mwetulirani

Bambo ake a Kachete anamwalira zaka zinayi zapitazo, koma uthenga wawo unkafikabe pa mafoni a anthu.

Anali wojambula zithunzi, ndipo aliyense ankawatchula kuti a Mwetulirani, chifukwa ndi mawu okhawo amene ankatuluka pakamwa pawo akaika diso pa kamera. Atayamba kukalamba anakonda kompyuta, n'kutsegula webusaiti ya situdiyo yawo. Mmenemo anaikamo kapulogalamu kodzipangira okha: munthu aliyense amene anajambulitsapo, pa tsiku lake lobadwa ankalandira chithunzi chake chakale ndi mawu awiri atatu ochokera kwa iwo. Kapulogalamuko sikanamve za maliro. Kankangowerenga masiku, n'kumatumiza.

Kachete, mwana wawo wamkazi amene anatsala ndi situdiyoyo, ankalandira uthenga wake cha m'ma eyiti m'mawa pa tsiku lake lobadwa. Chithunzi chinali chomwecho chaka ndi chaka, iye ali kamwana koguluka mano akutsogolo, atakhala pa mpando wautali wojambulirapo. Mawu nawo sankasintha: "Mwana wanga, lero wakwanitsa zaka zakutizakuti. Mwetulira." Nambala yokha ndi imene inkakwera. Bambowo anamusiya ali ndi zaka 26, koma chaka chatha anamuuza kuti wakwanitsa 30. Sanauzepo munthu kuti tsiku limenelo ankalawirira kusamba, kuvala bwino, n'kukakhala pa mpando uja foni ili pamiyendo.

Lolemba lina, kutatsala masiku naini kuti tsikulo lifike, mu situdiyo munalowa mayi osoka zovala a khomo loyandikana. Foni yawo anaigwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Chithunzi chinabwera monga mwa nthawi zonse, mawu a malemu anali omwe aja, koma pansi pake panali mzere watsopano: "Ndili pa mavuto kuno. Dinani apa mundithandize." Mayiwo anati atawerenga anapsereza kolala ya malaya a kasitomala. Pofika masana anali atabwera anthu enanso atatu, ndipo mmodzi anafunsa monong'ona ngati malemu anapita ali ndi chodandaula.

Kachete anaimbira achimwene ake, amene amakonza mafoni. Iwo anaseka n'kunena kuti palibe mzukwa wodziwa kutumiza linki. Anati ndi akuba alowa, chifukwa seva ya a Mawaya, kumene webusaitiyo imasungidwa, ikuyendera mapulogalamu amene eni ake anawataya kalekale. Seva imeneyo, anatero, ndi yoyenera kuipatsa moni mogwada chifukwa ndi nkhalamba. Anamuuza kuti asamutse webusaiti lero lomwe, dzina la bambo lisanathere m'matope.

Ofesi ya a Mawaya inali pamwamba pa shopu yomata matayala. Masitepe ake anali amdima ngakhale dzuwa lili paliwombo. M'chipindamo munkanunkha fumbi ndi pulasitiki wotentha. Pakona panali chibokosi chachitsulo chochotsedwa chitseko, timagetsi tobiriwira tikuphethira mkati mwake, ndipo fani ya patebulo inali italoza komweko ngati ikupepesa wodwala malungo.

A Mawaya anali mnzawo wa malemu kuyambira unyamata. Anachotsa mulu wa mawaya pampando kuti Kachete akhale, ndipo sanadikire kuti afunsidwe. Anavomera kuti zaka khumi ndi chimodzi zapita asanasinthe mapulogalamu a m'bokosimo. M'mawa uliwonse ankatseka mabowo amene akuba alowera, koma madzulo ankapeza ena, ngati nyerere m'kabati ya shuga. Makasitomala ena onse anachoka mmodzimmodzi. Situdiyo yokha ndi imene inatsala.

Kachete anafunsa, maso ali pansi, chimene chinkawaletsa kuika mapulogalamu atsopano. Iwo anati kapulogalamu ka malemu kamangomvana ndi zakalezo. Anayesapo kukasamutsira pa makina ena katatu konse, koma sikanadzuke. Zithunzi zikhoza kusamuka bwinobwino, uthenga wokha ndi umene sungapulumuke.

Kenako anatulutsa foni yawo yosweka galasi, n'kumupatsa. Panali chithunzi cha mayi wonenepa bwino, atagwira duwa lapulasitiki la mu situdiyo lomwe Kachete ankalipukutabe fumbi Loweruka lililonse. Pansi pake panalembedwa kuti: "Alamu, lero mwakwanitsa zaka 63. Mwetulirani."

"Mkazi wangayu analibe foni nthawi imeneyo, ndiye analembetsa nambala yanga," anatero a Mawaya. "Anatisiya ali ndi 55. Kwina konse mkazi wanga anasiya kukula, mwana wanga. M'bokosi umu mokha ndi mmene akukulabe."

Kachete anabweza foniyo ndi manja awiri. Ankamva ngati m'chipindamo muli anthu ambiri kuposa awiri, onse ali chete, akudikira masiku awo.

"Bambo, zosamutsa webusaitizi sizingadikire masiku naini?" anafunsa Kachete.

A Mawaya anadziwa chifukwa chake, sanafunse. Anati zikhoza kudikira. Koma anayang'ana pa kompyuta n'kumuuza kuti m'masiku amenewo muli anthu 23 amene alandire uthenga, ena mwa iwo okalamba amene angadine chilichonse chimene a Mwetulirani awauza kuti adine. Ndipo sakanalonjeza kuti wa iyeyo udzafika woyera.

Zimenezo ndi zimene zinamulasa Kachete. Anadziona atakhala pa mpando wautali, atasamba, atavala bwino, akuwerenga kuti wakwanitsa zaka 31, kenako pansi pake bambo ake akumuuza kuti ali pa mavuto kumene aliko. Ankadziwa kuti ndi akuba. Ankadziwanso kuti akanadina.

"Tizimitse lero," anatero.

A Mawaya anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anakopera zithunzi zonse pa kachipangizo kakang'ono ngati chala, ntchito imene inatenga ola lathunthu, ndipo nkhope za anthu zinkadutsa pa sikirini mofulumira, amoyo ndi akufa osakanikirana. Itatha, anamulozera batani la pabokosi n'kunena kuti dzanja lawo likukana. Kachete anagwada pa simenti, n'kudina. Timagetsi tinazima. A Mawaya anazimitsanso fani, poti inalibenso woipepesa. Apo ndi pamene anayamba kumva nyundo za omata matayala pansi, zomwe zinkagogoda tsiku lonse iwo osazimva.

Achimwene ake anamupezera malo atsopano osungirako webusaiti, ndipo pasanathe sabata zithunzi zinayamba kuonekanso. Uthenga wachilendo unatha. Mayi osoka zovala anati tsopano mtima uli m'malo, ngakhale anadandaula kuti chaka chamawa sakudziwa amene adzawakumbuke.

Tsiku lija litafika, Kachete analawirira kusamba monga kale. Anatsegula situdiyo, kusesa, kupukuta duwa lapulasitiki ngakhale silinali Loweruka, n'kukhala pa mpando wautali moyang'anizana ndi kamera yophimbidwa ndi nsalu. Eyiti inakwana, n'kudutsa. Foni inali pamiyendo, yozizira.

Itangokwana hafu pasiti inalira, ndipo anaitola mwachangu. Anali achimwene ake. Anamufunira mafuno abwino, kumuseka kuti ukalamba wamupeza, kenako n'kufunsa kuti paja wakwanitsa zingati.

Kachete anatsegula pakamwa, n'kuzindikira kuti akudikira kuti wina amuuze.

"Sate," anayankha.

Achimwenewo anati chabwino, n'kudula foni. Patapita kanthawi ndi pamene anakumbukira kuti imeneyo inali ya chaka chatha. Anayang'ana kamera ija. Mu situdiyo monse munalibe womukonza.