Dzanja la Tikhala

Dainess ankasenda nandolo pakhonde pamene anaona kuti mwana wake Tikhala wangokhala, dzanja limodzi walibisa m'diresi. Atalikoka, mayo ine, zala zinali zotupa ngati chinangwa chophika.

Mwana anayamba wakanakana, kenako zonse zinakhuthuka. A Gladson, aphunzitsi a Sitandade 4, ankamumenya ndi rula pazala akangogwira cholembera ndi dzanja lamanzere. Ankamukhalitsa padzanjalo, n'kumamutcha Namanzere, kalasi yonse n'kumafa ndi phwete. Akalemba ndi lamanja zilembo zinkatuluka zokhotakhota, ndiye ankamenyedwanso, ati ndi ulesi.

"Ine sukulu basi, amayi. Sindipitanso."

Mawu amenewa anamubaya Dainess. Iye analekezera Sitandade 3, ndipo mpaka lero kuchipatala amadinda chala. Kuti Tikhala naye athere pomwepo? Ayi ndithu.

M'mawa anamanga chitenje chakutchalitchi n'kupita kusukulu. Mtima unkatentha, koma sanapite ndi phokoso, poti ankadziwa kuti kholo likatukwana limabwerera kwawo, wotsala ndi mphunzitsiyo ndi mwana. Anapereka moni bwinobwino, kenako n'kufunsa za zala zija.

A Gladson, mnyamata wa malaya ositasita, sanaphethire n'komwe.

"Mayi, bambo ake ndiwo anandipempha tsiku lotsegulira sukulu. Anati mwanayu ndi wanu, dzanjalo mutiwongolere."

Dainess anatsanzika mwamanyazi n'kulunjika ku Njuli, kumene mwamuna wake Jeremiah amayendetsa kabaza. Anamupeza pasiteji akupopa tayala.

Jeremiah sanakane. Anati mawuwo ndi omwe kholo lililonse limanena popereka mwana kwa aphunzitsi. Komanso paja Tikhala analandira nthochi ndi manzere kwa akulu ampingo, anthu n'kumanong'onezana kuti pakhomo pawo palibe mwambo. Zinamuwawa, ndiye anangoti aphunzitsi athandizepo. Koma za rula iye sanatume munthu. Atamva za kutupa anataya pampu pansi, ati akamuone mphunzitsiyo pompano.

"Mukamenya ndani, bambo a Tikhala? Pakamwa panu pomwe?"

Anzake a kabaza anafa nako kuseka. Jeremiah anakanda m'mutu. Dainess anamuuza kuti mawu anakawasiya yekha kusukulu, ndiye akawatenge yekha, koma ahedi ali pomwepo kuti pasadzakhale zokanirana.

Tsiku lotsatira Jeremiah anasiya makasitomala am'mawa, nakweza mkazi wake kumbuyo, Tikhala patsogolo. Ahedi, mayi Agnes, anawakhazika muofesi n'kuitanitsa a Gladson. Jeremiah anavula chipewa.

"Aphunzitsi, mawu aja ndadzatenga. Ndinalakwitsa ndine. Mwana ndi wanu pomuphunzitsa, koma dzanja ndi lake."

Mayi Agnes anayang'ana zala za Tikhala kanthawi ndithu. Kenako anauza a Gladson mosapsatira kuti kumenya n'koletsedwa ngakhale kholo litapempha chogwada, ndipo kuyambira tsikulo azidzasuzumira okha m'kalasimo. A Gladson anapepesa, chipepeso chake chotulukira m'mphuno, komabe anapepesa.

Dainess sanathere pomwepo. Anati dzina lija linaperekedwa pamaso pa ana, choncho lichotsedwenso pamaso pa ana. Ahedi anavomera kuti n'zoona. Onse anapita kukalasi, ndipo a Gladson anauza ana kuti mtsikanayu dzina lake ndi Tikhala, wotchula lina akaonana ndi ahedi.

Nkhani inatha, koma Jeremiah sanafulumire kukwera njinga. Anaima pawindo, chipewa chidakali m'manja. M'katimo Tikhala anayang'ana aphunzitsi, n'kuyang'ana bambo ake, kenako anasamutsira cholembera kumanzere. Zala zinali zisanaphwe, koma cholembera chinkathamanga, mizere ili tambalala. Anzake adakali pakati, iye anali atamaliza kale kukopera za pabolodi.

Dainess anamva mtima uli myaa. Anakoka mwamuna wake malaya kuti azipita, dzuwa likukwera. Jeremiah sanasunthe.

"Koma amalemba msanga mwanayu," anatero chapansipansi.

"Mwadziwa lero?"

Jeremiah anakhalabe pawindopo mpaka belu la buleki linalira.